Ma keycap okongoletsa a maswichi afupiafupi a Kailh Choc: amapezeka kuti?

Nangozo_Zomba:

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndikusaka keycap (kachipewa kovala pamwamba pa swichi ya batani la kiyibodi) imodzi yokha, akachuluka awiri, ya mtundu uja wokongoletsa wopangidwa pamanja ndi resin (mankhwala amadzimadzi omwe akauma amalimba ngati pulasitiki), womwe ogulitsa amautcha artisan. Vuto ndi loti kiyibodi yanga ndi ya maswichi afupiafupi. Ndi Corne, ija yogawika pawiri ya mabatani 42, ndipo maswichi ake ndi Kailh Choc a bulauni, oyambirira aja okhala ndi timabowo tiwiri pamwamba. Panopa yavala ma keycap opyapyala a mtundu wa MBK, akuda, opanda chilembo ngakhale chimodzi.

Ntchito yanga ndi yolemba zokambirana za kafukufuku. Amandipatsa mawu omwe ajambula kumidzi, ine n'kumamvera pa mahedifoni ndikulemba liwu ndi liwu, ndikatha n'kumasulira m'Chingerezi. Ndiye zala zanga zimaswera pa kiyibodi. Mfundo za manja zitayamba kuphwanya, mlongo wanga amene amadziwa zowotcherera ndi amene anandilumikizira kiyibodi imeneyi, ndipo ululu uja unatsika kwambiri chifukwa manja amangogona pathebulo osapindikira m'mwamba. Ndanena izi kuti pasapezeke wondiuza kuti ndiisiye n'kugula ina.

Pali batani limodzi kumanzere, mzere wapamwamba chakumapeto, lomwe ndinalitchera kuti liziimitsa ndi kuyambitsanso mawu aja. Agogo akayamba kuyankhula mothamanga, kapena tambala akalira pafupi ndi maikolofoni, kachala kakang'ono kamathamangira pomwepo. Kupatula space, palibe batani lomwe ndimalikhudza kuposa limeneli, koma ndi lofanana ndi anzake onse, moti kachalako nthawi zina kamagwera la pansi pake. Ndikufuna likhale losiyana kuti chala chizilizindikira ndisanayang'ane. Komanso, kunena zoona, ndikufuna kanthu kokongola pamaso panga. Munthu ukakhala maola ambiri ukumvera nkhani za njala ndi ngongole za feteleza, maso amafuna pogwera.

Kufufuza ndafufuza ndithu. Ndaona a Jelly Key ndi a Dwarf Factory a ku Vietnam, ena muli tinsomba tikusambira m'kadziwe, okongola osati masewera. Koma onse omwe ndawaona kunsi kwake kuli kabowo ka mtanda, ka maswichi wamba aatali a Cherry MX. Pa Etsy, msika wa pa intaneti, ambiri alemba kuti low profile, kutanthauza a maswichi afupiafupi, koma ukatsegula chithunzi cha kunsi, ndi mtanda womwewo.

Ndiye alipo amene amapanga a timiyendo tiwiri tolowa m'timabowo ta Choc tija? Nanga tija toika pakati, tosintha Choc kuti ilandire keycap ya MX, n'todalirika? Kapena ndingozula swichi imodziyo n'kuikapo Choc yatsopano ija ya mtanda? Akulu anga ali ku Johannesburg ndipo abwera pa Khirisimasi, choncho katundu wamng'ono angathe kundinyamulira.

Mbewe_waJoni:

Achemwali, mwachita bwino kuyang'ana kunsi musanalipire. Ine ndimakonza malaputopu ndi mafoni kuno ku Joni, ndipo makiyibodi amenewa amandidutsa m'manja kawirikawiri. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti maswichi afupiafupi si banja limodzi. Kampani iliyonse inadzera njira yake.

Anuwo nambala yake ndi PG1350, ndipo amapangidwa ndi Kaihua (ndiyo Kailh yomweyo) ya ku Dongguan, ku China. Pa maswichi odziwika, a timabowo tiwiri ndi amenewa, kuphatikizapo achibale awo a GL omwe ali mu Logitech G915 yoyamba ija ya 2019. Enawa anatsata mtanda. Cherry yeniyeniyo inatulutsa MX Low Profile mu 2018, n'kutsitsa msinkhu wa swichi kuchoka pa mamilimita 18.5 kufika pa 11.9. Gateron ili ndi KS-27 ndi KS-33, omwe mumawapeza m'makiyibodi opyapyala a Keychron ndi NuPhy. Kailh nayo inadzatulutsa Choc yachiwiri, PG1353, yomwe ili mu Logitech MX Mechanical. Ndiye wogulitsa wa pa Etsy akalemba low profile sikuti akunama, kungoti akunena za a mtanda amenewa.

Amisiri a artisan amaithawa Choc yanuyo pa zifukwa zomveka. Msika wawo ndi wa MX, yomwe yakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ndipo ogula ake ndi miyandamiyanda. Chinanso, tinsomba mwationato timafuna malo. Keycap yaitali ili ndi mimba, mmisiri amathiramo resin, kuyala timiyala, kudikira iume, kuika nsomba, kuthiranso ina pamwamba. MBK yanuyo ichotseni muiyang'ane cham'mbali, muona kuti mulibe poika kanthu. Koma chachikulu ndi timiyendo tija. Kamwendo kalikonse sikafika ngakhale mamilimita awiri kuchindikala kwake, ndipo resin sichedwa kuthyoka. Palibe mmisiri amene angakonde kugulitsa chinthu cha madola ambiri chomwe chikathyoke tsiku lomwe chafika.

Tosinthira tija musataye nato ndalama. Kugwira timagwira, koma timakweza keycap m'mwamba, ndiye pamwamba pakepo mukuikanso keycap yomwe ndi yaitali kale. Zili ngati kuvala gogoda mwendo umodzi, winawo patapata. Kachala kakang'ono ndi kofooka pa zala zonse, ndiye mukukatuma kuti kazikwera pamenepo tsiku lonse, ululu munauthawa uja ubwerera. Komanso keycap yaitali ikakankhidwa cham'mbali, mphamvu yonse imakathera pa timiyendo.

Zosintha swichi imodzi nazonso zili ndi zake. Choc yachiwiri ili ndi chitsinde chonenepa pakati kunsi kwake, ndipo sichilowa m'bowo la PCB (bolodi yamagetsi yokhalapo maswichi) yomwe inajambulidwira Choc yoyamba, pokhapokha ngati wojambulayo anaganizira zonse ziwiri. A Gateron miyendo yake yamagetsi ili pena, ndipo ngakhale KS-27 ndi KS-33 okhaokha salowerana. Koma tiyerekeze kuti yalowa. Tengani rula muyeze kuchoka pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake. Pa MX ndi mamilimita 19.05 mbali zonse. Makiyibodi ambiri a Choc ndi 18 chopingasa ndi 17 chotsika, n'chifukwa chake MBK ndi 17.5 kwa 16.5, mbali zake si zofanana. Keycap ya MX imakhala pafupifupi 18 kwa 18, ndiye pa mizere yotalikirana 17 izikhulana ndi ya pansi pake. Ma Corne ena anajambulidwa motalikirana ngati MX, n'chifukwa chake ndikuti muyeze, musangodalira dzina.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo ali ndi Keychron K3 kapena NuPhy Air75: inu mtanda muli nawo, koma samalani. Mphepete za keycap wamba zimatsika kwambiri, ndiye pa swichi yaifupi zimatha kugunda plate (mbale yogwira maswichi) swichiyo isanafike pansi. Mumangomva kuti kho, kuuma, osati mmene amamvekera anzake. Pa Choc yachiwiri ndi pa Cherry yaifupi, mtanda uja wazunguliridwa ndi kampanda, moti artisan ya tsinde lonenepa silowa n'komwe. Ngati mukuyesa, yesani pa Esc pokha. Mabatani aatali monga space ndi shift asiyeni, ma stabilizer ake, tizipangizo toletsa batani lalitali kupendekeka, ndi ena.

Yezani kaye achemwali, mutiuze.

Tiya_265:

Sisi, bwanji mungogula ka macropad? Ndi kakiyibodi kakang'ono ka mabatani atatu kapena anayi a MX wamba, kamalowa pa USB. Ine kanga kali pambali pa kiyibodi yaikulu, ndinakatchera kuti kazikweza ndi kutsitsa voliyumu, ndipo artisan yanga ili pamenepo, palibe kukhulana ndi kalikonse. Inu mukhoza kuikapo play ndi pause yanuyo, tinsomba tanu n'kumationa tsiku lonse. Corne osaikhudza n'komwe.

Kungoti dziwani kuti ma artisan otchuka sagulidwa ngati shuga. A Jelly Key amatsegula maoda kwa masiku ochepa, akatseka ndiye amayamba kupanga, inu n'kudikira miyezi. Amisiri ena amagulitsa mwa maere, umalembetsa dzina, ukachita mwayi ndiye umalipira. Ngati mukuwerengera Khirisimasi, yang'anani omwe ali kale m'sitolo.

Nangozo_Zomba:

A Mbewe, zikomo kwambiri, mwanditsegula m'maso. Ndayeza: 18 chopingasa, 17 chotsika, monga mwaneneramo. Ndiye za mtanda ndazitaya, tosinthira tija natonso ayi.

A Tiya, nzeru yanu ndi yabwino koma kwa ine siigwira. Cholinga chonse cha kiyibodi ya mabatani 42 n'chakuti manja asamachoke pamalo pake. Ndikamaimitsa mawu pa kachipangizo kena, dzanja lizinyamuka mphindi iliyonse, pobwerera n'kumafufuzanso pomwe linali, pomwe agogo aja apita kale patali ndi nkhani yawo. Komanso ndikapita ndi gulu kumidzi, zidutswa ziwiri za kiyibodiyi ndimazigonetsa moyang'anizana m'kachikwama kopyapyala, pambali pa laputopu. Chilichonse chotalika chikathyokera m'menemo pa msewu wa ku Chingale. Ndikufuna chokongoletsacho chikhale pa batani lenilenilo, ndipo chisatalike kuposa anzake, mwina pang'ono chabe.

Nkhani ina ndi ya ndalama. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chinthu cha madola 50 si choseweretsa, ndipo kulipira kunja ndi khadi nonse mukudziwa mmene kukuvutira. Ndili ndi mpata wooda kamodzi kokha kudzera kwa akulu anga aja, ndiye ndikufuna ndiode chinthu choti chikafika chigwire ntchito.

Mlongo wanga akuti mwina tingasindikize pa 3D printer. Alipo amene anayesapo pa Choc?

NamwinoLeeds:

Mnzanga Nangozo, nkhani imeneyi ndi yanga. Ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Leeds, ndipo masiku opuma ndimathira resin, ndolo ndi ma keycap omwe. Kiyibodi yanga ndi ya Choc ngati yanuyo.

Opanga a timiyendo tiwiri alipo, kungoti ndi ochepa, ndipo kukongoletsa kwawo n'kwina. Popeza mulibe malo oika zithunzi, amasewera ndi kaumbidwe ndi mitundu. Yang'anani Chicago Steno, yomwe anajambula Pseudoku ndipo imagulitsidwa ndi Asymplex. Pamwamba pake ndi powumbidwa motsata chala, ndipo amathira resin ya mitundumitundu. Pali LDSA ya Lowprokb ya ku Canada, yomwe ndi yolowa kwambiri pakati, chala chikagweramo chimadziwa kuti chafika. MBK yomwe muli nayoyo imapezekanso m'mitundu yambiri, ina yotukuka pamwamba, ina ya kamzere kapena kadontho komveka ku chala, ndipo masitolo monga splitkb ya ku Netherlands amagulitsa ochepaochepa, simukakamizidwa kugula seti yonse. A FKcaps, omwe amapanga MBK, amalembanso ndi laser chithunzi chomwe mwawatumizira. Pa vuto lanu loti chala chizizindikira batani, imodzi mwa amenewa yakwanira.

Pa Etsy musalembe low profile pofufuza. Lembani choc v1 kapena PG1350. Mukapeza, mufunseni wogulitsa zinthu zitatu asanalandire ndalama: chithunzi cha kunsi, kukula kwake m'mamilimita, ndi komwe timiyendo tayang'ana. Chachitatuchi anthu amachiiwala. Popeza keycap ya Choc mbali zake si zofanana, ina imapangidwira maswichi otembenuzidwa a chala chachikulu, ndiye mukaiika pa mzere wamba mbali yaitali ija imayang'ana chotsika n'kukhula mnzake.

Za kusindikiza, mafayilo aulere alipo pa tsamba la pa intaneti la GitHub. Otchuka ndi a KLP Lamé, ali ndi a Choc ndi a MX omwe, ndipo a Chicago Steno aliponso. Koma makina ndi amene amasiyanitsa. Ma printer wamba aja osungunula ulusi wa pulasitiki amayala mzere pamwamba pa mzere, ndiye kamwendo kakang'ono chotero kamaduka potsata mizere yomweyo. A resin amatulutsa chinthu chosalala bwino, koma resin wamba ndi youma gwa, siipindika, imangoti thyo. Chomwe ine ndimadalira ndi nayiloni ya PA12, yomwe makampani monga JLC3DP ya ku China amasindikiza mukawatumizira fayilo. Pamwamba pake pamakhala pokhakhala pang'ono, ena sakonda, koma timiyendo take timalolera kupindika pang'ono osaduka. Njira zosindikizira nayiloniyi zilipo ziwiri, MJF ndi SLS: ya MJF imabwera yotuwa kapena yakuda. Ya SLS imabwera yoyera, ndipo imamwa bwino utoto wonyikira nsalu za nayiloni m'madzi otentha, mukhoza kuisandutsa yofiira kapena yachikasu pa mbaula panu pomwepo.

Kamwendo kakadukira m'swichi musataye mtima ndipo musatokose ndi mpeni. Tenthetsani nsonga ya singano pa kandulo, muibaye pang'ono m'kachidutswa kotsalirako, mudikire izizire, kenako mukoke molunjika m'mwamba. Kamatuluka kali pa singano. Ndipo pochotsa keycap ya Choc nthawi zonse kokani molunjika ndi kawaya kochotsera kaja, osagwedeza uku ndi uku ngati mmene anthu amachitira pa MX.

Kuthira nokha n'kotheka, koma ndikuuzeni pomwe pali minga. Chikombole chimakhala cha silicone, cha zigawo ziwiri, cha pamwamba ndi cha kunsi. Mukatengera chikombolecho pa keycap yosindikizidwa ndi resin ya printer, silicone ya platinum nthawi zambiri imakana kuuma pomwe yakhudzana nayo, imatsala yonanda. Ndi bwino kutengera pa MBK yeniyeni. Kenako thovu. Timathovu ta mpweya timakonda kubisala m'timiyendo momwemo, mumatsegula chikombole n'kupeza pamwamba pokongola bwino, kamwendo kamodzi kali theka. Amisiri amaumitsira mu pressure pot, mphika wotsekedwa womwe amapoperamo mpweya, kuti mpweya upanikize timathovuto, ndipo chida chimenecho ndi kompresa yake si ndalama ya keycap imodzi. Ndiyankhulenso ngati namwino: resin ya epoxy yosauma musaigwire ndi manja. Khungu likayamba kudana nayo, chidanicho sichitha, mukangoikhudza ziwengo zimabuka. Valani magolovesi a nitrile ndipo mutsegule mawindo.

Maganizo anga ndi awa. Timiyendo tabwino kuposa tonse ndi tomwe tapangidwa ku fakitale, ta MBK muli nato kaleto. Palibe wa pakhomo amene angapange toposa pamenepo. Ndiye musavutike kupanga timiyendo. Gulani ma MBK osalembedwa angapo, mukongoletse pamwamba pokha.

Aphunzitsi_Dedza:

Mayi Nangozo, ine ndine wamkulu pa zinthu za makompyutazi, koma ndinaphunzitsa ukalipentala zaka zambiri, ndipo mwana wanga amene amalemba mapulogalamu anandibweretsera ntchito yofanana ndi yanuyi. Mayi a ku Leeds anena zoona: miyendo isiyireni fakitale. Ine ndinaika thabwa pamwamba.

Ndinatenga kachidutswa ka mlombwa kotsala pa chitseko chakale. Chakale ndi chimene chimafunika, chifukwa thabwa lake linauma kalekale, lasiya kuyenda. Laliwisi likhoza kuoneka bwino mu October, koma mvula ikayamba limamwa chinyezi n'kupindika, guluu n'kulekeka. Simufunika kudula mtengo, kalipentala aliyense ali ndi tizidutswa totere pansi pa benchi yake, ndipo mukapempha mwaulemu amangokupatsani.

Kachidutswako ndinakacheka n'kukapala mpaka kutsala mamilimita awiri. Popala kanthu kakang'ono chotero simugwira sandipepa m'manja ayi. Mumayala sandipepa pa galasi, chifukwa galasi ndi lathyathyathya ndithu, ndiye thabwalo n'kumalikhuta pamenepo ndi nsonga za zala, mozungulira, mukulitembenuza pafupipafupi kuti mbali imodzi isadyeke kuposa inzake. Keycap nayo mumaikhuta chafufumimba pa galasi lomwelo. Pamwamba pa MBK ndi polowa pang'ono pakati, ndiye mumangodya mphepete zokha kuti thabwa lipeze pokhala, ndipo polowa paja padzadzaza guluu. Musapitirize mpaka kuboola, pulasitiki yake ndi yochepa.

Chenjezo lalikulu ndi pa mtundu wa pulasitiki. MBK ilipo ya PBT, iliponso ya POM. Ya POM ndi yoterera, guluu amaikana, mukhoza kumata lero mawa lake n'kupeza thabwa lagwa. Odani ya PBT, muikande bwino ndi sandipepa, muipukute ndi spiriti, mumate ndi epoxy uja wosakaniza machubu awiri. Supagulu amagwira msanga koma ndi wouma, sapirira kugundidwa tsiku ndi tsiku. Mukamata, panani ndi chopanira zovala, musiye usiku wonse.

Kukacha, dulani thabwa lofanana ndendende ndi keycap, osapitirira mphepete ngakhale pang'ono, chifukwa mpata pakati pa mabatani anuwo ndi theka la milimita basi. Ngodya zonse muzizungulize kuti chala chisakodwe. Kenako pakani phula la njuchi mbali zonse zooneka, mupukute ndi nsanza mpaka liwale. Vanishi sindimukonda pa chinthu chogwiridwa ndi zala, amadzayamba kusupuka. Phula mumangowonjezera likachepa, ndipo mlombwa ukamagwiridwagwiridwa umanka nudera, mizere yake n'kumaonekera bwino.

Ngati mukufuna chithunzi, pitani nako kwa osema ziboliboli kathabwako musanamate. Kuno kwathu, makamaka cha ku Mua komwe kuli KuNgoni, kuli anthu a manja osalala zedi, ndipo ku Zomba kwanuko aliponso amene amagulitsa kwa alendo okwera phiri. Muwauze kuti asazamitse, angolemba pamwamba, kaya tsamba, kaya kansomba mukukafunako. Aliyense wa iwo adzafuna kusema mozama chifukwa ndi mmene anazolowerera, ndiye muyenera kukhala pomwepo. Batani lanu lidzatalika kuposa anzake ndi milimita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo thabwa limamveka lofunda ku chala kusiyana ndi pulasitiki. Pa ntchito mwanenayo, kumeneko ndiye kusiyana mukukufuna.

Nangozo_Zomba:

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, mwafotokoza moti ndikuchita kuona. Kansomba ka pa mlombwa kandigwira mtima kuposa aja a ku Vietnam, ndipo kalipentala amene anandikhomera shelefu ali pafupi pompano. Achemwali a ku Leeds, inunso zikomo, makamaka za singano ija ndi za magolovesi.

Ndaganiza zooda ma MBK a PBT osalembedwa, oyera khumi, ndi imodzi ya kadontho ya mtundu wa lalanje yoti ndiyambe kugwiritsa ntchito pomwe ndikuyesa zinazi. Zosindikiza ndaziika pambali kaye. Akafika kwa akulu anga ku Johannesburg, a Mbewe, mungalole kuti akuonetseni kuti mutsimikize kuti ndi oyenera asanakwere basi?

Funso lina limodzi. Ndili ndi kansalu kotsala pa chitenje cha mayi anga, cha buluu ndi timaluwa tachikasu. Kodi n'zotheka kumata kachidutswa kake pa keycap n'kuthira resin yoonekera pamwamba? Ndikufuna ikhale ya chala chachikulu chakumanja, pa enter.

Mbewe_waJoni:

Palibe vuto achemwali, auzeni andilembere ku inbox. Ndidzawayesa pa swichi yeniyeni, ndipo ndidzaikamo maswichi awiri akufa omwe ndili nawo m'bokosi. Muzidzabaya keycap pa swichi yakufa pokhuta ndi pomata, mupeze pogwira komanso timiyendo titetezeke.

NamwinoLeeds:

N'zotheka, ndipo pa Choc ndi njira yabwino chifukwa nsalu siitenga malo. Koma resin ikalowa m'nsalu imaidetsa, imaoneka ngati yanyowa mpaka kalekale, buluu wanuyo akhoza kusanduka wakuda. Ndiye yambani mwaipaka guluu woyera wa matabwa wosungunula ndi madzi pang'ono, mbali zonse ziwiri, iume gwa, mupakenso kachiwiri. Guluuyo amatseka ulusi kuti resin isalowe, komanso nsalu ikalimba chotero imadulika bwino ndi lezala osanyenyeka m'mphepete. Mwachita bwino kuoda oyera, chifukwa pa keycap yakuda mitundu ya nsalu imazimirira.

Maluwa a pa chitenje amakhala aakulu, pomwe inu muli ndi malo osakwana mamilimita 17. Boolani kabowo ka kukula komweko pa pepala, muzikayendetsa pa nsalu mpaka mupeze pomwe kaluwa kapena mzere wakwana bwino. Dulani kachidutswa kochepera pang'ono kuposa pamwamba pa keycap, kuti resin ipeze pulasitiki yogwira kuzungulira nsaluyo.

Pa ntchito yaing'ono chotere gulani UV resin, ija ya m'kabotolo, osati yosakaniza. Imauma ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo la ku Zomba ndi lokwanira, nyali yapadera simuifuna. Gwirani ntchitoyo m'nyumba kutali ndi windo, dontho limodzi, mulifalitse ndi kamtengo kotokosera m'mano, timathovu muziboole, ndiye mutulutse padzuwa mutavindikira ndi tambula yagalasi kuti fumbi lisagwere. Likauma muwonjezere lina. Zigawo zopyapyala ziwiri kapena zitatu zimauma bwino kuposa chimodzi chochindikala, chomwe chimatha kutsala chamadzi m'kati. Ikatha idzakhala yonyezimira ndi yoterera. Ngati chala chikutsetsereka, ikhuteni pang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri wonyowetsa. Dziwaninso kuti resin yoonekera imayamba chikasu pakapita zaka, ndiye kansalu kenako musungeko.

Chomaliza, enter yanuyo muione kaye. Pa Corne batani la m'kati la chala chachikulu nthawi zambiri limakhala la 1.5u, lalitali kuposa anzake ndipo loimirira. Ngati enter ili pamenepo, muwonjezere ma MBK a 1.5u awiri pa oda yanu, chifukwa khumi mwatchulawo ndi a 1u, a kukula kwa batani wamba. Ndipo muyambe mwayesa ndi chigamba china chilichonse musanadule chitenje cha amayi.